Mawotchi Atatu Ofanana Nkhope, ndi Mwambo Wosunga Nthawi

 Nkhani imene ndakutengerani pa wailesi lero ndi ya kanthu kakang'ono kamene munthu angathe kukafumbata m'dzanja limodzi, koma kamene amisiri a mibadwo yambiri anatherapo nzeru zawo, maso awo ndi masiku a moyo wawo: ndikunena wotchi yapamkono, osati ya batire ayi, koma ija yoyenda ndi sipuling'i, imene mukaiika pakhutu mumaimva ikugunda. Tiyerekeza mawotchi atatu a mtengo wapatali amene amafanana kwambiri, kotero kuti wowaonera patali sangawasiyanitse msanga; ndipo tikatero, tifunsana chimene mwini wotchi ayenera kuchita kuti wotchi yake izimuuza zoona.

Tisanatchule maina, n'koyenera kuti tiyambe tasuzumira m'kati, pakuti munthu wosadziwa za m'mimba mwa wotchi adzangoyerekeza zakunja zokha. M'kati mwa wotchi yotere muli sipuling'i yaikulu yokulungidwa m'kabokosi kozungulira, ndipo mphamvu yonse ya wotchi imagona m'menemo. Mukapukusa kamutu ka m'mbali kaja, kapena mukamayendetsa mkono wanu kachitsulo kolemera ka m'kati n'kumazungulira kokha, sipuling'iyo imamangika. Ikamangika imafuna kumasuka, ndipo ikadasiyidwa yokha ikadataya mphamvu yake yonse m'kanthawi kochepa. Chotero amisiri anaika pakati pa sipuling'i ndi mivi mndandanda wa timagudumu ta mano, ndipo kumapeto kwa mndandandawo anaikako kamphanda kamene kamatseka ndi kutsegula njira, kulola dzino limodzi lokha kudutsa pa nthawi imodzi, monga mayi wanzeru amene, pokhala ndi nkhokwe imodzi ya chimanga, amatapamo ndi muyeso umodzimodzi tsiku ndi tsiku kuti banja lifike pa masika. Wolamula kamphandako ndi kagudumu kopepuka kamene kamatembenukira uku ndi uku osaleka, kobwezedwa ndi kasipuling'i kopyapyala kuposa tsitsi la munthu, kamene Christiaan Huygens wa ku Holland anakaonetsa ku dziko m'chaka cha 1675.

M'mawotchi ambiri a makono kagudumu kameneka kamagunda maulendo 28,800 pa ola limodzi, ndiko kuti maulendo 8 pa sekondi iliyonse, maulendo 691,200 kuchokera m'mawa uno kufikira m'mawa wa mawa. Tsono kumbukirani kuti tsiku limodzi lili ndi masekondi 86,400. Wotchi imene yatsogola ndi masekondi 6 pa tsiku yalakwa gawo limodzi lokha mwa magawo 14,400. Ndipo imachita zimenezi popanda magetsi, itamangidwa pamkono wa munthu amene akulemba, akuyendetsa galimoto, akuomba m'manja, padzuwa ndi pachisanu. Amene wamvetsa chiwerengero chimenechi sadzaipeputsanso ntchito ya amisiri awa.

Mawotchi athu atatu onse ndi a ku Switzerland, ndipo onse anapangidwira anthu ogwira ntchito pansi pa nyanja. Yoyamba ndi Rolex Submariner. Kampani ya Rolex inayambitsidwa ku London m'chaka cha 1905 ndi Hans Wilsdorf, mbadwa ya ku Germany, amene pambuyo pake anaisamutsira ku Geneva; mu 1926 anatulutsa Oyster, wotchi yotsekedwa mwakuti madzi ndi fumbi zisalowe, ndipo mu 1953 kunabadwa Submariner, imene panthawiyo inkapirira madzi akuya mamita 100. Ya masiku ano, imene inatuluka mu 2020, ndi yaikulu mamilimita 41 ndipo imapirira mamita 300. Yachiwiri ndi Omega Seamaster Diver 300M. Nyumba ya Omega inayamba ndi Louis Brandt ku La Chaux-de-Fonds mu 1848; dzina la Seamaster linadza mu 1948, pamene kampaniyo inkakwanitsa zaka 100, ndipo mtundu uwu wa Diver 300M unatuluka mu 1993, n'kukonzedwanso mu 2018 uli wa mamilimita 42. Yachitatu ndi Tudor Black Bay Fifty-Eight ya mu 2018, ya mamilimita 39, yopirira mamita 200. Tudor ndi mbale weniweni wa Rolex, pakuti Wilsdorf yemweyo ndiye anakhazikitsa kampaniyi mu 1946, pofuna kuti pakhale wotchi yodalirika ya mtengo wocheperapo.

Kufanana kwawo sikunadze mwangozi, koma kunachokera ku ntchito imene anapangidwira. Onse ndi a chitsulo chosachita dzimbiri. Onse amadzipukusa okha ndi kuyenda kwa mkono. Onse ali ndi kamutu komangidwa ngati sikuluwu, ndi mivi yowala mumdima. Ndipo onse ali ndi mkombero wa mphindi 60 kuzungulira galasi, umene umatembenukira mbali imodzi yokha. Chifukwa chake n'chakuti munthu amene ali pansi pa madzi amawerengera mphindi zake pa mkomberowo, ndipo ngati wagunda mwala mkombero n'kusuntha, uyenera kusuntha momuuza kuti wakhalitsa, kuti akwere msanga, osati momunyenga kuti nthawi ikadalipo. Ponena za kuya, musavutike mtima ndi kusiyana kwa mamita 200 ndi 300, pakuti osambira pansi pa nyanja mongosangalala sapitirira mamita 40.

Nanga amasiyana pati? Choyamba ndi utali wa nthawi imene wotchi imayenda itavulidwa. Makina a Rolex ndi a Tudor amasunga mphamvu ya maola 70, pamene a Omega amasunga ya maola 55. Munthu wovula wotchi yake Lachisanu 6 koloko madzulo, sipuling'i ili yodzaza, adzapeza Lolemba m'mawa Rolex ndi Tudor zikuyendabe, koma Omega itaima cha m'ma 1 koloko usiku. Chachiwiri ndi kapangidwe ka kamphanda kaja. Rolex ndi Tudor amatsata njira yakale imene Mngelezi Thomas Mudge anaitulukira m'zaka za m'ma 1750, ngakhale kuti Rolex anaikonzanso kuti isamadye mphamvu yambiri. Omega, kuyambira mu 1999, amagwiritsa ntchito njira ya co-axial ya Mngelezi wina, George Daniels, imene imachepetsa kukhulana kwa tizitsulo, kotero kuti mayendedwe a wotchi sadalira kwambiri mafuta a pamalo amenewo. Ndipo Seamaster imagunda maulendo 25,200 pa ola, ndiwo 7 pa sekondi. Chachitatu ndi maonekedwe: Omega ili ndi galasi kumbuyo loonetsa makina, ndi kachiboo kotulutsira mpweya wa helium kothandiza okhala masiku ambiri m'zipinda za pansi pa nyanja, Rolex ndi yotseka kumbuyo, Tudor ndi yaing'ono, yopepuka, yopanda deti, ndipo mkombero wake ndi wa aluminiyamu pamene anzake awiriwo ali ndi wa seramiki wosakandika msanga.

Koma kusiyana kumene ogula amakangana nako kwambiri ndi kwa mayeso. Ku Switzerland kuli bungwe la COSC, lokhazikitsidwa mu 1973, limene limayesa makina a wotchi asanaikidwe m'chikuto chake. Amawayesa masiku 15, atawagoneka m'njira zisanu zosiyana, pa kutentha kwa madigiri 8, 23 ndi 38, ndipo kuti makinawo apambane sayenera kutsalira kuposa masekondi 4 kapena kutsogola kuposa masekondi 6 pa tsiku. Makina a mawotchi athu atatu onse amayenera kufika pa muyeso umenewu, koma kampani iliyonse inadziikira malire ena othina. Rolex, kuyambira mu 2015, amayesanso wotchi itatsekedwa kale, n'kulonjeza kuti sidzapyola masekondi 2 kutsogolo kapena kumbuyo. Tudor amalonjeza masekondi 2 kumbuyo kufikira 4 kutsogolo. Omega amapereka mawotchi awo ku mayeso ovomerezedwa ndi METAS, bungwe la boma la Switzerland loona za miyeso, amene salola wotchi kutsalira ngakhale pang'ono, koma amailola Seamaster iyi kutsogola kufikira masekondi 6, ndiponso amafuna kuti ipirire mphamvu ya maginito yokwana magauss 15,000.

Taonani tsono chimene ziwerengerozi zikutiuza. Mpata umene Rolex amadzilola ndi masekondi 4, wa Omega ndi wa Tudor ndi 6. Kusiyana konse pakati pa atatuwa ndi masekondi awiri okha pa tsiku. Komabe mtengo wa Tudor sufika theka la mtengo wa Rolex, wa Omega uli pakati, ndipo wofuna Submariner kawirikawiri amalembetsa dzina ku sitolo n'kudikira. Gawo lalikulu la ndalama zoonjezerazo ndi la dzina ndi mbiri. Sean Connery anavala Submariner m'kanema wa James Bond wa mu 1962, ndipo Pierce Brosnan anavala Seamaster m'kanema wa mu 1995. Zimenezi zinakweza mbiri ya mawotchiwo, koma sizinasinthe mayendedwe awo ndi sekondi imodzi yomwe. Uphungu wanga ndi uwu: wa mkono waung'ono, ndi wosafuna kutaya chuma chambiri, ayang'ane Tudor, wogwira ntchito pakati pa makina a magetsi ndi maginito ayang'ane Omega, wofuna wotchi imene mtengo wake sutsika msanga poigulitsanso, ngati ali nako kuleza mtima, ayang'ane Rolex. Asankhe imodzi monga mwa ntchito yake, naikonde, pakuti ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndipo wogula wotchi yogwiritsidwa kale ntchito afune mapepala ake, naipereke kwa mmisiri aitsegule ndalama zisanachoke m'thumba, popeza mawotchi atatuwa ali m'gulu la amene onyenga amawapanga achinyengo ochuluka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pano wina mwa inu omvera angafunse kuti, kodi wotchi ya batire ya mtengo wochepa siiposa onsewa posunga nthawi? Inde, imawaposa ndithu. Pa 25 Disembala 1969 kampani ya Seiko inayamba kugulitsa ku Tokyo wotchi ya Astron, yoyamba kugulitsidwa mwa mawotchi apamkono a batire a quartz, ndipo m'mawotchi a quartz a masiku ano kamwala ka m'kati kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, kotero kuti ngakhale yotsika mtengo imalakwa masekondi ochepa chabe pa sabata yathunthu. Wogula wotchi ya sipuling'i akugula chinthu china: ntchito ya manja imene ingathe kumasulidwa, kutsukidwa ndi kumangidwanso mbadwo ndi mbadwo. Ndipo ubwino wake sumayesedwa ndi kusalakwa konse, koma ndi kusasinthasintha.

Mbiri ya amalinyero ikutiphunzitsa zimenezi. Kale zombo zinkasokera ndi kusweka chifukwa oyendetsa sankadziwa kuti apita patali bwanji kum'mawa kapena kumadzulo. Kuti adziwe, ankafunika wotchi yosunga nthawi ya kudoko kumene anachokera, pakuti kulakwa kwa masekondi 4 okha kumasokeretsa chombo pafupifupi makilomita awiri pakati pa dziko lapansi. John Harrison, kalipentala wa ku England amene anadziphunzitsa yekha za mawotchi, anamaliza mu 1759 wotchi imene lero imatchedwa H4, ndipo itatengedwa pa ulendo wa ku Jamaica mu 1761, inapezeka kumeneko italakwa pafupifupi masekondi 5 okha. Koma mvetsani apa: masekondi 5 amenewo anatsala atachotserapo kale kulakwa kwake kwa tsiku ndi tsiku kumene kunali kodziwika chombo chisananyamuke. Amalinyero sankafuna wotchi yangwiro, koma yokhulupirika m'chizolowezi chake. Momwemonso lero, wotchi yotsogola masekondi 5 tsiku lililonse ndi yabwino kuposa imene lero yatsogola 3, mawa yatsalira 4, mkuja yatsogola 8; pakuti yoyambayo mmisiri angathe kuiwongola mosavuta, koma yachiwiriyo ikudwala.

Chotero ntchito yoyamba ya mwini wotchi ndi kuidziwa wotchi yake. Itchereni mofanana ndi nthawi yodalirika, kaya ya pafoni kaya ya chizindikiro cha pawailesi, monga timalikhweru tisanu ndi kamodzi timene BBC yakhala ikuliza kuyambira mu 1924, timene kotsiriza kake kamayamba pamene ola likuyamba. Mukakoka kamutu ka mawotchi atatu tatchulawa mpaka kumapeto, muvi wa masekondi umaima, ndipo mungathe kuuyambitsa pa nthawi yeniyeni. Tsiku lililonse, pa ola lomwelo, poyerekeza ndi gwero lomwelo, lembani m'kabuku masekondi amene yatsogola kapena kutsalira, ndipo muchite zimenezi sabata yonse kapena masabata awiri musanaiweruze. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku limodzi silingakuuzeni khalidwe la wotchi.

Ntchito yachiwiri ndi kuipatsa mphamvu yokwanira. Wotchi imayenda bwino koposa pamene sipuling'i yake ili yodzaza, ndipo ikamayandikira kutha kagudumu kaja kamafooka, mayendedwe n'kusokonekera. Munthu wokhala pa desiki tsiku lonse angaganize kuti wotchi yake yodzipukusa yokha yaonongeka, pamene vuto n'lakuti mkono wake suyenda mokwanira. Aipukuse ndi dzanja maulendo 30 kapena 40. Yopukusa ndi dzanja yokha ipukusidwe m'mawa uliwonse pa nthawi imodzimodzi, ndipo mukamva kuti yalimba, lekani pomwepo. Ivuleni pamkono musanaipukuse, kuti kamtengo ka kamutu kasapindike. M'mawotchi ambiri a deti, makamaka akale, musasinthe deti pakati pa 9 koloko usiku ndi 3 koloko m'bandakucha, chifukwa nthawi imeneyo timano tosintha deti timakhala titalumana kale.

Ntchito yachitatu ndi kuigoneka mwanzeru usiku. Mphamvu yokokera zinthu pansi imagwira kagudumu mosiyana wotchi ikagona chagada ndi pamene yaima cham'mbali. Kawirikawiri yogona nkhope ili m'mwamba imatsogola pang'ono, ndipo yogonera m'mbali, kamutu kali m'mwamba, imatsalira pang'ono. Wotchi iliyonse ili ndi chizolowezi chake, ndipo kabuku kanu kadzakuuzani cha yanu. Mukachidziwa, mungathe kubweza usiku masekondi amene inapitirira masana, osaitsegula n'komwe.

Ntchito yachinayi ndi kuitchinjiriza kwa adani ake, ndipo wamkulu mwa iwo masiku ano ndi maginito. Muli maginito m'masipika a wailesi imene mukumverayi, m'zitseko za firiji, m'zikuto za mafoni ndi m'zotsekera zikwama za amayi. Kasipuling'i kopyapyala kaja kakagwidwa ndi maginito, timizere take timamatirana, kamasanduka kafupi, ndipo wotchi imayamba kuthamanga ndi mphindi zingapo pa tsiku. Yandikizani wotchi ku kampasi: muvi wa kampasi ukagwedezeka, mwapeza nthendayo, ndipo mmisiri ali ndi kachipangizo koichotsa m'kanthawi kochepa. Tudor ndi Omega anaika kasipuling'i ka silikoni, ndipo Rolex anaika ka chitsulo chawo chotchedwa Parachrom, zonse zosagwidwa ndi maginito. Koma mawotchi akale, amene ambiri a ife tinalandira kwa makolo, alibe chitetezo chotere. Mdani wachiwiri ndi kugunda: ivuleni powaza nkhuni ndi pokhoma misomali. Wachitatu ndi kutentha. Ngakhale kuti zitsulo zimene anatulukira Charles Édouard Guillaume, wolandira mphoto ya Nobel mu 1920, zinachepetsa kwambiri vutoli, wotchi yosiyidwa padzuwa m'galimoto yotseka imaonongeka mafuta ndi timphira take totchinga madzi. Wachinayi ndi madzi: mangani kamutu mpaka kalimbe musanalowe m'madzi, tsukani wotchi ndi madzi abwino mukachoka m'nyanja ya mchere, ndipo mukaona nkhungu m'kati mwa galasi, pitani nayo kwa mmisiri tsiku lomwelo dzimbiri lisanayambe.

Ntchito yotsiriza ndi kuipereka kwa mmisiri pa nyengo yake. M'kati mwa wotchi, pa timiyala tofiira pamene timagudumu timazungulira, pali timadontho ta mafuta tosaoneka bwino ndi maso. Zaka zikamapita mafutawo amauma, ndipo chitsulo chimayamba kudya chitsulo chinzake wotchi ikuyendabe. Rolex amalangiza kuti wotchi imasulidwe ndi kutsukidwa pafupifupi zaka 10 zilizonse, Omega amati zaka 5 mpaka 8, ndipo wosambira nayo ayenera kuyezetsa timphira take chaka ndi chaka. Mmisiri weniweni ali ndi makina omvera kugunda kwa wotchi, oonetsa masekondi amene ikulakwa ndi kukula kwa kutembenuka kwa kagudumu, kumene m'mawotchi ambiri athanzi kumakhala madigiri 270 mpaka 310 wotchi itagona chagada. Mufunseni akuonetseni ziwerengerozo asanayambe ntchito ndi atamaliza. Ntchito imeneyi imadya ndalama ndithu, ndipo wogula aiwerengeretu pamodzi ndi mtengo wa wotchi, pakuti walira mvula walira matope.

Amayi ndi abambo, amisiri a ku Switzerland anachita mbali yawo pamene anatseka chikuto cha wotchi n'kuitulutsa m'nyumba zawo. Mbali yotsalayo ili m'manja mwa woivala. Tudor yopukusidwa, yotetezedwa ku maginito ndi yotsukidwa pa nthawi yake idzasunga nthawi kuposa Rolex yonyalanyazidwa, ndipo wotchi yakale ya agogo yosamalidwa bwino ingathe kuchititsa manyazi zonse ziwiri. Chifukwa chake, inu amene muli nayo wotchi ya sipuling'i, ya dzina lalikulu kapena yopanda dzina lodziwika, tengani kabuku ndi pensulo usiku womwe uno, itchereni pa ola likudzali, ndipo yambani kulemba. Pofika sabata ya mawa mudzakhala mukudziwa ngati ikufunika kupukusidwa, kugonekedwa mwanjira ina, kapena kupita kwa mmisiri.